Miyendo yakutsogolo ya galimoto: pakati pa maenje a Harare ndi makona a ku Donnybrook

Loweruka lina m'mawa muphwa wanga anafika kwathu ku Tafara ndi Honda Fit yake ataitsuka mpaka kung'anima. Asanakhale n'komwe pansi anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha galimoto yofanana ndi yakeyo, koma yotsika kwambiri moti matayala anachita kubisala m'mamadigadi. "Amalume, ndikufuna yanga ikhale chonchi. Mkati mwa sabata ndizipita nayo kuntchito, tsiku lina ndikaiyese ku Donnybrook. Pali munthu wati akhoza kundidulira masipuling'i lero lomwe."

Ndinamuuza kuti ayambe wamwa tiyi, kenako tinaikweza pa jeke. Nditagwira tayala lakumanzere pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, linayankha kuti gu-gu-gu. Ball joint, mfundo yachitsulo yonga mpira imene imalumikiza tayala ndi mkono wake wapansi, inali itatha. Labala wa bushi yaikulu ya control arm, umene ndi mkono wapansiwo, anali atang'ambika mozungulira, ndipo shock ya mbali yomweyo inali yonyowa ndi oyilo, fumbi lofiira litamatirirapo. Galimotoyo inali isanayenere ngakhale kupita ku Ruwa mothamanga, nanji kukalowa pabwalo la mpikisano.

Chimene mnyamatayu amafuna n'chabwino, ndipo ine ndimachimvetsa. Ife tonse amene tinakulira ku Mabvuku ndi Tafara, ambiri mwa ife adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito, tikudziwa kuti bwalo la Donnybrook lili pafupi pomwepa, m'mbali mwa Arcturus Road. Mwana wokonda injini sangalephere kulakalaka kukalowamo. Koma galimoto imodzi yoti izikagwira bwino makona a bwalo, komanso Lolemba izidutsa Mutare Road mvula itagwa usiku wonse, imafuna kuganiziridwa mofatsa. Pano ndilongosola zimene zimachitika pansi pa mamadigadi akutsogolo munthu akayamba kusintha zinthu.

Galimoto yonse imakhudza msewu pamalo anayi okha, ndipo malo alionse kukula kwake ndi ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Kukhota, kumanga mabuleki, kuthamanga, zonsezi zimadutsa pazikhatho zinayizi. Ntchito ya sasipenshoni, imene pagalaja timangoti miyendo, ndi kusunga tayala litakanikiza pansi nthawi zonse, litaima mmene liyenera kuimira. Tayala limene ladumpha m'mwamba, ngakhale kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso, silikhotetsa galimoto ndipo siliimitsa. Pa galimoto ngati Fit, Vitz kapena RunX, injini ndi giyabokosi zili kutsogolo, kotero pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera konse amakhala pa matayala akutsogolo. Matayala omwewo ndi amene amakoka, amakhota, ndiponso amagwira gawo lalikulu la mabuleki. N'chifukwa chake kulakwitsa kutsogolo kumaonekera msanga.

Miyendo yakutsogolo ya galimoto zimene zadzaza mu Harare ili m'mitundu iwiri. Wofala kwambiri ndi strut, umene unatchedwa dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America amene anaukonza m'zaka za m'ma 1940. Pa mtundu umenewu shock ndi sipuling'i zimakhala chinthu chimodzi chachitali chimene chimagwira tayala kumtunda, ndipo pansi pamakhala mkono umodzi, control arm. Ndi wotchipa, sudya malo, ndipo umapezeka pa Fit, Golf, RunX, Impreza ngakhale BMW E30 ndi E36. Mtundu wachiwiri ndi double wishbone, wokhala ndi mikono iwiri, wam'mwamba wamfupi ndi wam'munsi wautali. Umenewu uli pa Altezza, pa Mark X, komanso pa Civic za m'ma 1990. Honda inasiya kuuika kutsogolo kwa Civic pa mtundu umene unatuluka cha m'ma 2001.

Kusiyana kwake kuli apa. Galimoto ikalowa pakona thupi lake limapendekera kunja, ndipo tayala lakunja limafuna kupendekera nalo limodzi, n'kumayendera phewa lake m'malo moyendera nkhope yonse. Mikono iwiri ija imakokera mutu wa tayala mkati pamene sipuling'i ikufinyika, motero nkhope ya tayala imakhalabe pansi. Strut imachita zimenezi pang'ono chabe. Choncho galimoto ya strut imafuna kuti muipatse kupendekera kwa tayala isanayambe n'komwe kuyenda, ndipo imadana kwambiri ndi kutsitsidwa mopitirira muyeso.

Pa kutsitsa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama zawo, ndiye tifatsepo. N'zoona kuti galimoto ikatsika, kulemera kwake kumayandikira pansi, ndipo kulemera kumene kumathamangira ku matayala akunja pakona kumachepa. Phindu limenelo lilipo ndithu. Koma lowani pansi pa galimoto ya strut imene sinasinthidwe, muyang'ane control arm. Imachoka pa chitsulo chapakati n'kupita ku tayala ili chogona molunjika kapena yotsetsereka pang'ono kuloza pansi. Mukatsitsa ndi mamilimita 60 kapena 70, mkonowo umayamba kuloza kumwamba, ball joint kukhala pamwamba kuposa bushi zamkati. Zikatero zinthu zitatu zimasokonekera nthawi imodzi.

Choyamba, thupi la galimoto limapendekera mozungulira malo ena osaoneka ndi maso, amene akatswiri amati roll centre, ndipo malo amenewa amadalira mmene mikono yagonera. Pa strut, malowa amatsika mofulumira kuposa mmene thupi latsikira. Mpata wa pakati pa malowa ndi pamene pali phata la kulemera umatalika, ngati mmene mpini wautali umachulukitsira mphamvu ya mkono. Galimoto yotsikayo imafuna kupendekera kwambiri kuposa kale, ndipo mwini wake amakakamizika kugula masipuling'i ouma kuti abise vuto limene wadzipangira yekha. Chachiwiri, tie rod, imene imalumikiza chiwongolero ndi tayala, imasiya kuyendera limodzi ndi control arm. Tayala likakwera pa bampu limadzikhotetsa lokha pang'ono, inu manja ali phee. Imeneyo ndiyo bump steer, ndipo pamsewu wa zigamba imatopetsa ndiponso imaopsa. Chachitatu, chimene kwa ife kuno ndicho chachikulu, ndi kutha kwa mpata woti tayala likwere. Pamwamba pa shock pali kalabala kolimba, bump stop, kamene kamagwira ntchito zikafika povuta penipeni. Galimoto yotsikitsitsa imayenda itakhalira kalabala kameneka. Apo sipuling'i ndi shock zasiya ntchito. Tayala likagunda dzenje nkhonya yonse imapita ku limu, ku ball joint ndi ku chitsulo cha thupi.

Pali njira yosavuta yoonera mpata umenewu. Mangani ka cable tie, kachingwe kapulasitiki komangira mawaya, pa ndodo yonyezimira ya shock, kakankhireni pansi mpaka kakhudze thupi la shock, ndiye yendani ulendo wanu wa masiku onse. Pobwera muyang'ane pamene kakankhidwira. Kakakhala kuti kaphwanyikira pa bump stop pa ulendo wongopita ku msika, dziwani kuti palibe chotsitsa china, mwinanso muyenera kukweza.

Kudula masipuling'i ndimakana mosabisa. Sipuling'i yodulidwa imafupika n'kuuma, koma kuuma kwake sikukwanira kubweza mpata umene watayika, ndipo nsonga yodulidwayo sikhala bwino pa mbale yake. Tayala likalendewera m'dzenje sipuling'i ikhoza kusuntha pamalo. Kuitenthetsa ndi gasi kuti ifwambale n'koipa koposa, chifukwa moto umapha kulimba kumene chitsulocho chinapatsidwa kufakitale, ndipo mbali ziwiri sizidzafanananso. Mwini Fit akumbukirenso kuti thanki yake ya petulo ili pansi pa mipando yakutsogolo, pakatikati pa galimoto, pamalo pamene hampu lalitali limakhudza mimba ya galimoto yotsika.

Zimenezi sindinaziwerenge chabe. Zaka zapitazo ndinaika pa Golf yanga ma coilover otchipa, ma shock obwera ndi masipuling'i ake okhala ndi ulusi wokwezera kapena kutsitsira galimoto, amene ndinagula kwa wamalonda wina, n'kuwatsitsa mpaka pothera ulusi. Pamsewu wosalala inkamveka ngati yamamatira pansi. Usiku wina wa mu January ndikubwerera kunyumba mvula ikugwa, ndinalowa m'dzenje limene madzi analibisa. Phokoso lake linali ngati nyundo yamenya mgolo. Limu inapindika, tayala linatupa chotupa m'mbali, ndipo m'mawa ndinapeza kuti chitsulo cha pamwamba pa strut chatukuka ngati bowa. Koma chimene chinanditsegula maso chinali china: pa kona ina yokhala ndi zigamba imene ndinkadutsa tsiku ndi tsiku, galimotoyo inkadumphadumpha n'kumasunthira kunja, pamene isanasinthidwe inkangodutsapo bwinobwino. Ndinali nditalipira ndalama kuti matayala anga azikhala nthawi yochepa pansi.

Misewu yathu ikudziwika. Mu February 2021 boma linalengeza kuti misewu ya m'dziko muno yafika pa mlingo wa tsoka, ndipo ngakhale ina ikuluikulu yakonzedwa kuchokera nthawi imeneyo, mvula ya pakati pa November ndi March imatsegula maenje atsopano chaka chilichonse. Zida zambiri zimene achinyamata amaona pa intaneti zinapangidwira misewu ya ku Japan ndi ku Germany. Ma coilover ambiri ogulitsidwa okonzeratu amabwera ndi masipuling'i ouma kawiri kapena katatu kuposa a kufakitale. Pabwalo losalala zimenezo zili ndi malo ake. Pa Chiremba Road ayi.

Ndiye poyambira m'pati? Pa zimene zatha. Galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan zitagwira kale ntchito, n'kulowera pa Beitbridge kuchokera ku Durban kapena pa Chirundu kuchokera ku Dar es Salaam. Ngakhale lamulo la 2021 linaletsa kulowetsa galimoto zopitirira zaka 10, imene yangofika kumene ikhoza kukhala ndi ma shock ndi mabushi omwe inatuluka nawo kufakitale zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Ball joint, tie rod end, mabushi a control arm, labala ndi bering'i za pamwamba pa strut, timikono ta stabiliser (chitsulo chokaniza galimoto kupendekera): zonsezi zikakhala zatsopano, eni galimoto ambiri amadabwa mmene chiwongolero chimayankhira. Zida zimapezeka ku Kaguvi Street ndi ku Gazaland ku Highfield, koma pitani ndi nambala ya chasisi ndi chida chakalecho m'manja, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka. Pomanga mabushi a labala, mabawuti amamangitsidwa komaliza galimoto itaima pa matayala ake. Akamangidwa ili pa jeke, labala amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo amang'ambika miyezi ingapo isanathe. Ili ndi limodzi mwa malangizo amene amakaniko othamangira nthawi amadumpha.

Za mabushi a polyurethane, pulasitiki yolimba yolowa m'malo mwa labala, ndinene mwachidule. Amachepetsa kusuntha kwa mikono, amafuna girizi wake, akauma amalira, ndipo amalowetsa kugunda kwa msewu m'galimoto. Pa stabiliser ndi abwino. Pa bushi yaikulu ya control arm, kwa galimoto yoyenda tsiku lililonse kuno, ine ndimasankha labala wabwino.

Chotsatira ndi matayala, ndipo palibe chida cha miyendo chimene chingapose tayala labwino. Apanso maonekedwe amanyenga. Tayala la 185/60 R15 lili ndi khoma la mamilimita 111, pamene la 205/40 R17 lili ndi 82 okha. Mamilimita 29 amenewo ndiwo amateteza limu m'dzenje, ndipo limu yaikulu nthawi zambiri imalemera kwambiri. Kulemera kulikonse kumene kuli kunsi kwa sipuling'i kumavuta kukubweza pansi kukadumpha. Limu yopepuka ya mainchesi 15 kapena 16 yovala tayala la mtundu wabwino imaposa ya 17 yovala tayala lotchipa, pamsewu ngakhale pabwalo. Ogula matayala akaunjika ayang'ane manambala anayi a kumapeto kwa mzere umene umayamba ndi zilembo za DOT pakhoma la tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Labala wokalamba amauma ngakhale mizere ikuoneka yakuya.

Kenako alaimenti, imene ndi yotchipa kuposa zonse koma imasintha khalidwe la galimoto kwambiri. Muli miyeso itatu. Camber ndi kupendekera kwa tayala mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo. Mutu wake ukalowa mkati timati negative. Galimoto zambiri zimabwera ndi camber yoyandikira ziro, n'chifukwa chake munthu akangozungulira bwalo kangapo phewa lakunja la tayala lakutsogolo limadyeka ngati lapalidwa. Pa galimoto ya strut yoyenda pamsewu ndi pabwalo pomwe, negative ya digiri 1 mpaka 1.5 ndi poyambira pabwino. Oyenda pabwalo pokha amafika 2.5 kapena 3, koma pamsewu zimenezo zimadya mkati mwa tayala ndipo zimachepetsa kugwira kwa mabuleki poyenda molunjika. Pa Fit ndi zina zimene strut yake imamangidwa ndi mabawuti awiri, camber imapezeka ndi bawuti lapadera lokhala ndi kamimba mbali imodzi, lolowa m'malo mwa lam'mwamba.

Caster ndi kugonekera m'mbuyo kwa mzere umene tayala limazungulirapo pokhota, ngati foloko ya njinga. Ndiyo imabweza chiwongolero pakati mukatuluka pakona, ndipo ubwino wake waukulu ngwakuti imapatsa tayala lakunja camber pamene mwakhotetsa pokha, osadya tayala poyenda molunjika. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri siisinthika popanda zida zapadera, koma iyezedwe ndithu: mbali ziwiri zikasiyana kwambiri, dziwani kuti dzenje linapinda chinachake. Toe ndi kuloza kwa matayala mukawayang'ana kuchokera pamwamba, kaya mphuno zake zikuyandikana kapena zikutalikirana. Imeneyi ndiyo imapha matayala mofulumira kuposa camber. Kwa galimoto yokoka ndi kutsogolo ndimakonda ziro, kapena kutsegula milimita imodzi yokha kuti ilowe pakona mwachangu. Ndipo dziwani kuti mukasintha camber kapena kutalika kwa galimoto, toe nayo yasuntha. Alaimenti imabwera pamapeto pa ntchito iliyonse ya miyendo, ndipo pemphani pepala la manambala m'malo mongouzidwa kuti zonse zili bwino.

Zikatha zimenezi m'pamene tingakambe za ma shock ndi masipuling'i. Sipuling'i imanyamula kulemera. Shock imalamulira liwiro limene sipuling'i ikufinyikira ndi kubwerera, pokakamiza oyilo kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, mphamvuyo n'kusanduka kutentha. Sipuling'i youma pa shock yofooka imabwerera mwamphamvu kuposa mmene shock ingaigwirire, ndipo galimoto imayenda monjanja. Ndalama zikakhala zokwanira chimodzi chokha, gulani ma shock. KYB, Gabriel ndi Monroe zimapezeka mosavuta kuno. Bilstein ndi Koni n'zodula koma zili ndi mitundu yopangidwira masipuling'i afupi. Asinthidwe awiriawiri. Masipuling'i akhale otsitsa mamilimita 25 mpaka 30 basi, ochokera kwa opanga odziwika, ndipo ouma pang'ono chabe kuposa a kufakitale. Amene akufunitsitsa ma coilover asankhe amene kutalika kwake kumasinthidwira pa thupi la shock, kuti mpata wa tayala usathe, ndipo awaike cha kumtunda kwa muyeso wake. Eni Altezza ndi Mark X asatengere manambala a anzawo a strut. Pa double wishbone sipuling'i imakhala chamkati mwa mkono, motero tayala limamva gawo chabe la kuuma kwake: ikakhala pa magawo 7 mwa 10 a kutalika kwa mkono, tayala limamva pafupifupi theka.

Chomaliza ndi stabiliser, chitsulo chopindika chimene chimalumikiza matayala awiri akutsogolo. Chimapotoka galimoto ikapendekera, n'kukaniza kupendekerako. Kuuma kwake kumakwera modabwitsa: kuchoka pa mamilimita 20 kufika pa 22 kumawonjezera pafupifupi magawo 46 pa 100. Koma apa pali msampha. Anthu awiri akanyamula thumba la chimanga pamtengo, amene waumitsa phewa ndiye amasenza kwambiri. N'chimodzimodzi ndi galimoto pakona: mbali imene yauma kwambiri, kutsogolo kapena kumbuyo, ndiyo imalandira gawo lalikulu la kulemera kothamangira kunja. Ndipo tayala likapanikizidwa kawiri siligwira kawiri, limagwira mocheperapo. Choncho mbali youmayo ndiyo imayamba kutsetsereka. Galimoto yokoka ndi kutsogolo imakhala kale ndi chizolowezi chokana kukhota, mphuno kumapita kunja inu mutakhotetsa. Kuumitsa kutsogolo kokha kumakulitsa chizolowezi chimenechi, ndiponso tayala lamkati limapepuka n'kumazungulira pachabe potuluka pakona. Nthawi zambiri mankhwala a vuto limene likumveka kutsogolo amakhala kumbuyo, koma kumbuyo kumafuna kusintha pang'onopang'ono, chifukwa galimoto yotaya matako pamsewu wonyowa sikhululuka.

Tsiku lopita kubwalo tengani geji ya mpweya ndi choko. Mpweya umakwera tayala likatentha, choncho yezani mutangotuluka, osati litazizira. Jambulani mizere itatu ya choko kuchoka pankhope ya tayala kutsikira pakhoma. Choko chikafufutika mpaka pakhoma, tayala likugudubuzikira pa phewa, ndipo likufuna mpweya wowonjezera kapena camber. Ikani chikhatho pankhope ya tayala: mkati muzitentha pang'ono kuposa kunja, osati kunja kuotcha mkati muli zii. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, n'kulemba m'kabuku. Mafuta a mabuleki akhale atsopano, chifukwa amayamwa chinyezi ndipo akale amawira msanga. Werenganinso pepala la inshuwalansi yanu, popeza zambiri siziteteza ngozi ya pabwalo la mpikisano.

Muphwa wanga sanakondwe tsiku limenelo. Anafunsa kuti, "Ndiye amalume, ndalama zonsezi zipite pa zinthu zosaoneka?" Ndinamuuza kuti azimva m'manja. Tinatenga miyezi itatu, malinga ndi mmene malipiro ake amabwerera. Mwezi woyamba tinasintha ma control arm onse awiri, ma tie rod end ndi timikono ta stabiliser. Wachiwiri tinaika ma shock anayi ndi labala wa pamwamba. Wachitatu anagula matayala anayi atsopano pa malimu ake omwe aja a mainchesi 15, tinaika mabawuti a camber, n'kupita ku alaimenti: negative 1.3 mbali zonse, toe ziro. Masipuling'i akadali a kufakitale.

Pobwerera kokaiyesa anandiimbira asanafike n'komwe kunyumba. Choko chinali chitafufutika mpaka pamphepete penipeni pa nkhope ya tayala, osatsikira pakhoma, ndipo ka cable tie kanaima chala chimodzi kasanafike pa bump stop. Mpata wa chala chimodzi umenewo ndi umene tikukambirana tsopano, ngati ungalole masipuling'i otsitsa mamilimita 25 kapena ayi. Iye akuti ulola. Ine ndamuuza kuti tidikire mvula iyambe, ayende nako kachingweko mwezi wathunthu wa December, kenako tidzayezenso.